Lamulo la pa Intaneti Liziteteza Yani?

Ndiyamba ndi milandu iwiri ya zaka zaposachedwa. Mu May 2022 apolisi anagwira namwino wina wa ku Ntcheu chifukwa cha mawu amene analemba pa gulu la WhatsApp okhudza mtsogoleri wa dziko. Patapita zaka ziwiri, mu 2024, bwalo la milandu m'boma la Dowa linapeza bambo wina wolakwa chifukwa anatumiza pa gulu la WhatsApp la kwawo kanema wa munthu wovina amene anamuika nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Chilango chake chinali kulipira K200,000 kapena kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi. Pa milandu yonse iwiriyi palibe amene anaberedwa, palibe amene anavulala, palibe nyumba imene inapsa. Chimene chinakhudzidwa ndi ulemu wa munthu wamphamvu kuposa wina aliyense m'dziko muno. Koma m'miyezi yomweyo, m'misika ndi m'midzi, anthu ankalandira mauthenga abodza owauza kuti apambana mphoto, kapena kuti wina wawatumizira ndalama molakwika ndipo azibweze, ndipo ambiri ankataya mpamba wawo wonse popanda wowathandiza. Mfundo yanga lero yagona pa kusiyana kumeneku. Sindikunena kuti intaneti ikhale tchire lopanda malamulo. Ndikunena kuti lamulo la pa intaneti liyenera kuthamangira kumene munthu wavulazidwa, osati kumene wolamulira wakhumudwa, ndipo kuno kwathu takhala tikuchita zosemphana ndi zimenezi.

Dziko lino lili ndi chifukwa chapadera chochitira tcheru boma likayamba kulondera mawu a anthu. Mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa bungwe la Censorship Board mphamvu zoletsa mabuku, nyimbo, masewero ndi makanema. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu uliwonse. Pa 8 March 1992 maepiskopi a Chikatolika atawerengetsa m'matchalitchi kalata yawo yodzudzula kayendetsedwe ka dziko, boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Lero tonse timailemekeza kalata imeneyo ngati chiyambi cha njira imene inatifikitsa pa referendamu ya 14 June 1993 ndi pa chisankho cha 1994. Tisaiwale kuti nthawi imeneyo amene ankaletsa mawu sankanena kuti akupondereza anthu. Ankanena kuti akusunga bata, umodzi, kumvera ndi mwambo. Aliyense wofuna kutseka ena pakamwa amabwera ndi mawu abwino, n'chifukwa chake sitingaweruze lamulo pongomva cholinga chimene eni ake akulengeza. Tiyenera kuona amene akugwidwa nalo.

Amene analemba malamulo oyendetsera dziko lino ankadziwa zimenezi. Gawo 35 likupereka kwa munthu aliyense ufulu wofotokoza maganizo ake, gawo 36 likuteteza ufulu wa atolankhani, gawo 37 likunena za ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Gawo 44 likuvomereza kuti maufulu ena angathe kuchepetsedwa, koma likuika muyeso wolimba: kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, kukhale komveka, kugwirizane ndi mfundo za ufulu wachibadwidwe zimene mayiko amavomereza, ndipo kukhale kofunikiradi m'dziko la demokalase. Tsopano tengani lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 muliyeze pa muyeso umenewu. Zambiri zimene zili m'menemo n'zothandiza, monga kuvomereza malonda ndi masiginecha a pa makina komanso kulanga othyola makompyuta a eni. Vuto lili pa magawo 86 ndi 87, amene amanena za kuzunza munthu kudzera pa makina ndiponso mauthenga okhumudwitsa. Gawo 87 limalanga munthu wosokoneza mtendere kapena bata la mnzake ndi mauthenga opanda cholinga choyenera. Kodi cholinga choyenera amachiyeza ndani? Kodi nduna imene yasowa tulo chifukwa anthu akufunsa za ndalama zimene zasowa mu unduna wake, mtendere wake sunasokonezedwe? Mawu otambalala chonchi amasiya zonse m'manja mwa wapolisi amene walandira dandaulo, ndipo tonse tikudziwa kuti dandaulo la munthu wamkulu limayenda mofulumira kuposa la mayi wogulitsa mandasi.

Wina angaganize kuti ndikulimbana ndi chipani chimodzi. Ayi, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikuwawa kwambiri. Mu February 2016, pansi pa ulamuliro wa DPP, akuluakulu atatu a chipani cha MCP, mmodzi mwa iwo Jessie Kabwila, anamangidwa chifukwa cha zimene ankakambirana pa WhatsApp. Mu 2019 mnyamata wina anagwidwa chifukwa cha chithunzi chimene anaika pa Facebook chofanizira mayi wa fuko ndi kachidole ka m'makatuni. Otsutsa boma a nthawi imeneyo anadandaula kwambiri, ndipo ankanena zoona. Boma litasintha mu June 2020, milandu ya ku Ntcheu ndi ku Dowa ija inabwera pansi pa iwo omwe ankadandaulawo. Mu April 2022 mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism anatengedwa ndi apolisi, foni ndi kompyuta yake zinalandidwa, ndipo anamukakamiza kuti aulule amene anamupatsa chikalata cha nkhani imene analemba. Zipani zimasinthana mipando koma chikwapu chimatsala pa khoma lomwelo, ndipo aliyense wolowa m'nyumbamo amachipeza chili chokonzeka. Phungu amene akuteteza magawo amenewa lero chifukwa chipani chake chikulamulira akudzikonzera yekha chitokosi cha mawa.

Kuipa kwa kumanga anthu chifukwa cha mawu sikuthera pa womangidwayo. Ambiri mwa anthu otere amatuluka pa belo patapita masiku ochepa, ndipo milandu yambiri imangozilala. Koma uthenga umakhala utafika kale. Pa magulu a WhatsApp a kumpingo, a makolo a pasukulu, a anthu ochokera mudzi umodzi, oyang'anira gulu amayamba kuchenjeza kuti muno ndale ayi, ndipo mawu akuti ndale amayamba kukula mpaka kumeza chilichonse. Kufunsa chifukwa chimene mankhwala asowera kuchipatala chaching'ono kumasanduka ndale. Kunena kuti mayina a olandira feteleza wotsika mtengo alembedwa mwachinyengo kumasanduka ndale. Namwino amene waona katoni ya mankhwala ikutuluka usiku amaganiza za mnzake wa ku Ntcheu uja, n'kusankha kukhala chete. Komatu foni yomweyi ndi imene yapatsa munthu wamba liwu limene analibe kale. Pa chisankho cha May 2019 zithunzi za mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex zinayenda m'mafoni a anthu dziko lonse bwalo lisanakhale n'komwe, ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti. Dziko limene anthu ake amaopa kujambula ndi kutumiza zimene aona likutaya alonda amene sililipira ngakhale tambala.

Chotsutsa choyamba chimene ndimachilemekeza ndi cha chikhalidwe. Anthu amati ife Amalawi timalemekeza akulu, mwana satukwana bambo ake, ndipo mtsogoleri wa dziko ndi tate wa tonse. N'zoona kuti kutukwana n'konyansa, ndipo zambiri zimene zimalembedwa pa masamba a mchezo n'zochititsa manyazi. Koma kunena kuti makolo athu sankadzudzula akuluakulu ndi kusadziwa mwambo womwewo. Amayi pamtondo ankaimba nyimbo zodandaula za mwamuna waulesi, mpongozi wankhanza, ngakhale mfumu yokondera, mudzi wonse ukumva, ndipo wonenedwayo ankayenera kumeza malovu n'kudzikonza. Gule wamkulu ali ndi zilombo zimene ntchito yake ndi kuseka makhalidwe a anthu, osasiya amphamvu. Makolo omwewo ndi amene anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiponso kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Chinanso n'chakuti mwana wopanda ulemu kumudzi ankalangizidwa ndi malume ake, ankachititsidwa manyazi pabwalo, mwina ankalipitsidwa nkhuku. Sankamutsekera m'chipinda chopanda zenera. Lamulo lolanga munthu chifukwa choukira boma ndi mawu silinachokere kwa makolo athu. Linabwera ndi atsamunda pofuna kuteteza bwanamkubwa kwa anthu amene ankawalamulira popanda chilolezo chawo. Aphungu athu anachita bwino kulichotsa m'buku la milandu mu November 2022. Chodandaulitsa n'chakuti ntchito imene lamulo limenelo linkagwira yangosamukira ku magawo a lamulo la 2016. Ndipo pulezidenti si tate wathu. Ndi munthu amene tinamulemba ntchito ndi mavoti, timamulipira ndi misonkho, ndipo wolemba ntchito ali ndi ufulu wodandaula ngakhale mawu ake atakhala osakoma.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba, ndipo ndikufuna ndikhalepo nthawi. Mphekesera zimapha. Kuyambira September 2017 nkhani ya anamapopa inafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka mumzinda wa Blantyre, anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maboma a kum'mwerako. Mu May 2021 boma linawotcha katemera wa Covid-19 wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene masiku ake anali atatha, pa nthawi imene mauthenga abodza onena kuti katemerayo amatseketsa kubereka kapena ndi chizindikiro cha chilombo anali ponseponse. Kunja kwa dziko lino, kampani ya Facebook inavomereza yokha mu 2018 kuti sinachite zokwanira kuletsa mauthenga olimbikitsa nkhanza ku Myanmar. Munthu woona zimenezi n'kunena kuti boma ligwire aliyense wofalitsa bodza sakuganiza mopusa. Yankho langa lili pawiri. Poyamba, munthu amene waloza mnzake kuti uyu ndi namapopa, mugwireni, wachita mlandu kale pansi pa malamulo akale olanga wolimbikitsa chiwawa, kaya wanena pamsika kaya pafoni. Ameneyo agwidwe, ndipo palibe womenyera ufulu amene angamuikire kumbuyo, chifukwa pali munthu wodziwika amene moyo wake waikidwa pachiswe. Kachiwiri, mbiri ya mphekesera imeneyi ikutiphunzitsa kuti kumanga anthu sikuithetsa. Nkhani ya anamapopa inabukanso kumapeto kwa 2002, WhatsApp ndi Facebook kulibe. Kumayambiriro kwa 2003 mtolankhani wa wailesi ina anamangidwa chifukwa choulutsa mawu a munthu amene ankati anapopedwa magazi. Patapita zaka 14 mphekesera yomweyo inabweranso ndi mphamvu zoposa kale. Inabweranso chifukwa muzu wake sunali wailesi kapena foni. Muzu wake unali umphawi, mantha, ndi kusakhulupirira akuluakulu a boma. Munthu amene akukhulupirira kuti boma likumubisira zinthu, ukamanga woyankhulayo, amangoti mwaona, anena zoona n'chifukwa chake amugwira.

Mankhwala a bodza ndi nkhani yoona yofika msanga kuchokera kwa munthu wokhulupirika. Pa katemera uja zinthu zinasintha pamene alangizi a zaumoyo, mafumu ndi atsogoleri a mipingo anayamba kuyankhula ndi anthu maso ndi maso komanso kubayitsa poyera. Lamulo la Access to Information linadutsa mu nyumba ya malamulo mu 2016 koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo mpaka lero atolankhani amadandaula kuti maofesi ambiri amayankha mochedwa kapena sayankha n'komwe. Ofesi imene imakhala chete anthu akafunsa ndiyo imabzala mphekesera, chifukwa pamene palibe yankho anthu amadzipangira lawo. Boma limene likufunadi kulimbana ndi nkhani zabodza liyambe ndi kutsegula mafaelo ake.

M'malo mwake tikuona ndalama zikupita ku makina. Kumayambiriro kwa 2025 kunamveka kuti bungwe la MACRA likufuna kugula ku kampani ya Hashcom ya ku Ghana makina ounikira nkhani zabodza pa intaneti, pa mtengo wa pafupifupi madola 1.5 miliyoni, m'chaka cha chisankho. Bungweli linati makinawo ndi ongoona mmene nkhani zikuyendera, osati omvetsera zokambirana za anthu. Tingathe kulandira mawu amenewa ndi mtima wabwino, koma funso likhalabe: ndani amene adzagamule kuti ichi ndi bodza? Akuluakulu oyendetsa bungweli amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Mu 1992 boma linkati kalata ya maepiskopi ndi yabodza. Mu 2019 bungwe loyendetsa chisankho linkati zonse zayenda bwino. Boma ndi mbali imodzi pa mikangano yambiri ya m'dziko, ndipo munthu saweruza mlandu wake womwe. Anansi athu atisonyeza kumene njira imeneyi imathera. Ku Zimbabwe boma linatseka intaneti mu January 2019 pa nthawi ya zionetsero za kukwera mtengo kwa mafuta, mpaka bwalo lalikulu linagamula kuti nduna imene inalamula inalibe mphamvu zotero. Ku Zambia WhatsApp ndi masamba ena anatsekedwa pa 12 August 2021, tsiku loponya voti. Ku Mozambique intaneti ya m'mafoni inkadulidwadulidwa pambuyo pa chisankho cha October 2024. Ku Uganda anaika msonkho wa mashilingi 200 pa tsiku pa masamba a mchezo mu 2018, pulezidenti akunena kuti akufuna kuchepetsa miseche. Konseko chifukwa chimene ankapereka chinali bata kapena bodza, ndipo konseko amene anavutika ndi wamalonda wosowa njira yolandirira ndalama, wodwala wosowa njira yoitanira abale, ndi wovota wofuna kudziwa zimene zikuchitika pa malo owerengera mavoti.

Tsono lamulo lipite kuti? Lipite kumene kuli misozi. Kuba kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba kwafika poti aliyense muno walandirapo uthenga wa mbava, ndipo apolisi anenapo kangapo kuti ena mwa mauthengawa amachokera m'ndende momwe, makamaka ya ku Zomba. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Ngati apolisi angathe kupeza m'masiku ochepa munthu amene watumiza kanema wovina pa gulu la kumudzi, angathenso kupeza mwini nambala imene yalandira ndalama za gogo wa ku Dedza. Pali atsikana ndi amayi amene zithunzi zawo za kuchipinda zimafalitsidwa ndi amuna amene anasiyana nawo. Amachotsedwa ntchito, amasiya sukulu, amasekedwa m'tauni yonse, wofalitsayo akuyenda mfulu, ndipo nthawi zina wozunzidwayo ndiye amaopsezedwa ndi mlandu wa zolaula. Gawo 86 lija likanakhala ndi ntchito yabwino pamenepa. Pali nkhani ya zinsinsi zathu: mayina, manambala, zala zimene tinadinda, mbiri ya matenda athu, zonse zili m'makompyuta a boma, a mabanki ndi a makampani a mafoni. Lamulo la Data Protection la 2024 ndi chiyambi chabwino, koma lidzakhala ndi tanthauzo tsiku limene munthu wamba adzadandaule n'kuona kampani yaikulu kapena ofesi ya boma ikulangidwa. Palinso makampani eni ake a masambawa, amene ali ku California ndi kwina kutali, amene makina awo amakankhira patsogolo uthenga wokwiyitsa chifukwa ndi umene umasunga maso a anthu pafoni. Dziko laling'ono ngati lathu palokha silingawagwedeze, koma mayiko a SADC atayankhula pamodzi angathe kuwakakamiza kulemba ntchito anthu odziwa Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina, oti azimva msanga munthu akamaopsezedwa m'chinenero chake.

Patsala chotsutsa chimodzi: kodi mtsogoleri si munthu? Kodi alibe mbiri yoti itetezedwe, alibe ana amene amawerenga zonyoza bambo awo? Ndi munthu ndithu, ndipo akanamiziridwa ali ndi njira yomwe tonsefe tili nayo, yokasuma kubwalo kuti wonamayo apepese ndi kupereka chipukuta misozi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa njira imeneyi wodandaula amaima yekha, amabweretsa umboni, amayankha mafunso, pamene pa njira ya apolisi amabwereka maunyolo a boma kuti amenyere nkhondo yake. Mu July 2025 oweruza atatu a bwalo lalikulu, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, anagamula kuti gawo 200 la buku la milandu, limene linkachititsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wa kundende, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Chigamulo chimenechi chaika mfundo poyera, koma magawo 86 ndi 87 a lamulo la 2016 lija akadali momwe analili, ndipo wapolisi wofuna kusangalatsa bwana wake akhoza kungotembenuza tsamba.

N'chifukwa chake ndikupempha aphungu a nyumba ya malamulo, a mbali zonse, kuti aunikenso magawo awiriwa: alembe momveka kuti kuzunza ndi kuopseza munthu wodziwika mobwerezabwereza, ndipo anene poyera kuti kudzudzula kapena kuseka munthu wa udindo pa ntchito yake si mlandu. Ndikupempha akuluakulu a polisi kuti nthambi yofufuza milandu ya pa makina iziwerengera chipambano chake pa ndalama zobedwa zimene yabweza ndi amayi ozunzidwa amene yawathandiza. Ndipo inu amene muli ndi foni m'thumba, uthenga wotchula dzina la munthu kuti ndi mfiti, mbava kapena namapopa ukakufikani, uthere pa inu. Koma mukaona mankhwala akubedwa kapena ndalama za sukulu zikusowa, jambulani, funsani, ndipo mukamva kuti wina wagwidwa chifukwa chofunsa, pitani kubwalo tsiku la mlandu wake mukakhale naye, ngakhale atakhala wa chipani chimene simuchikonda.